Makiyi a Sitolo ya Achemwali

Analonjeza yekha, popanda womukakamiza. Linali tsiku lonyamuka, chikwama chili m'manja, ataima pakhomo la sitolo ya bambo awo. Achemwali ake anali atagulitsa makina awo osokera, aja analandira pa ukwati, kuti ndalama ya ulendo ikwane, ndipo iye analibe chobwezera koma pakamwa.

"Achemwali, sitoloyi ndi yanu. Kaya ndidzabwera wolemera, kaya ndidzabwera ndi nsapato imodzi, makiyi ake sindidzawakhudza. Ngakhale ndidzawapeze atagwa pansi, ndidzangowalumpha."

"Pita iwe, basi ikusiya," anatero achemwali, akuseka uku akupukuta m'maso ndi nsonga ya epuloni. "Makiyiwo wakupatsa ndani kuti uwakane?"

Anapita tsitsi lili bii, anabwera lili mbuu. Maliro a bambo anawamvera pa foni ali ku ntchito, mlendo wina wa m'hotela ataima patsogolo pake akudandaula za pilo wolimba. Pobwera sanali wolemera. Nsapato anali nazo zonse ziwiri, komanso makatoni a mabuku, amene alamu ake, amuna a achemwaliwo, pothandiza kutsitsa anafunsa ngati kunjako anthu amalipidwa mapepala. Dzina lake msewu unali utaliiwala kalekale. Onse ankangoti Mtchona, ndipo iye ankayankha.

Msewu umene ankaulota zaka zonse zija sanaupeze. Pamene panali sitolo ya mabuku, pomwe ankawerenga chiimire mpaka mwini wake kuyamba kutsokomola dala, tsopano ankagulitsapo makava a mafoni. Mtengo wa pakona anaudula kuti pakwane chikwangwani cha okongoza ndalama. Ankayenda msewuwo kukwera ndi kutsika, manja ali kumbuyo, ngati munthu amene wataya kanthu koma waiwala kuti n'chiyani. Akakhala pansi mwendo unkagwedezeka wokha. Akatsegula buku ankawerenga tsamba lomwelo kawiri n'kulitseka. Ankafuna munthu woti amufunse kuti mwaupititsa kuti mzinda wanga, koma aliyense anali wotanganidwa, ndipo ambiri anali asanabadwe pamene iye ankachoka.

Sitolo yokha ndiyo inatsala monga anaisiyira. Fungo la oilo wa makina linali lomwe lija. Mitu yakuda ya makina akale inali pa shelefu, kabati ya singano ndi mabobini inali pakona pake, ndipo kauntala imene bambo anapala okha inali itaterera ndi zigongono za atelala. Makiyi ankakhala pa msomali kuseri kwa kauntalayo. Mtchona ankabwera m'mawa uliwonse n'kukhala pa mpando wa makasitomala, kunja kwa kauntala, ndipo malire amenewo sanawadutsepo. Alamu ankakhala pakhomo akukonza zopondera ndi malamba, achemwali ali m'kati akulamula.

Koma atelala sankabweranso ngati kale. Zovala zosokasoka zinadzaza misika, ndipo amene ankalowa m'sitolo ankangofuna singano imodzi kapena ulusi wakuda. M'chipinda cha kuseri munali makina amagetsi akuluakulu, osokera mayunifolomu ndi nsalu zolimba, ali m'makatoni awo. Achemwali anawagula chaka chimene ankakhulupirira kuti zinthu zisintha. Chuma chonse cha sitolo chinagona m'chipinda chimenecho, chikudya fumbi.

Bambo anasiya malamulo angapo, ndipo limodzi achemwali ankalisunga ngati la m'kachisi. Cheke amachilandira ndi manja awiri, ndipo sachiwerenga mwini wake ali pomwepo. Amachiika m'dirowa chopenya pansi, n'kuyamba kucheza za mvula. Bambo ankati kuwerenga cheke pamaso pa munthu n'chimodzimodzi kumupisa m'thumba. Mtchona ankalikumbuka lamulolo, ndipo kunja kuja ankalikamba monyadira kwa anzake a ku ntchito, amene ankamuyang'ana ngati akuwauza za dziko la m'maloto. Chimene sankawauza n'chakuti m'masiku a bambo anthu okhala ndi buku la macheke m'tauni yonse ukanawasonkhanitsa pa benchi imodzi, ndipo bambo ankadziwa amayi a aliyense.

Iye anakalambira pa desiki ya alendo m'hotela. Kumeneko anaphunzira zimene sizinali m'mabuku ake. Wakuba sabwera atavala nsanza. Amabwera wosamba bwino, amakudziwa dzina, amakuyamikira tayi, ndipo nthawi zonse amakhala pa changu chimene chimasanduka chako.

Bambo wina wodzitchula kuti a Dayilekitala analowa m'sitolo tsiku lina kukutentha, atavala suti yotuwa, akununkhira sopo wodula. Anati akutsegula sukulu yophunzitsa atsikana kusoka. Anaima pansi pa chithunzi cha bambo, chija chili pamwamba pa kabati, n'kupukusa mutu.

"Mdala ameneyu! Amayi anga makina awo ankakonzetsa kuno. Ankati makina akadutsa m'manja mwake amasoka ngati akuimba."

Achemwali anawongoka ngati wina wawachotsera katundu pamutu. Alamu anasiya lamba amene ankasoka n'kubweretsa mpando wabwino uja.

Tsiku limenelo a Dayilekitala anangogula masizasi ndi ulusi wambiri, n'kutulutsa khadi la ku banki. Kamakina kolipirira kanalikana. Anayesa kachiwiri, kanakananso.

"Lakalamba ili, mayi. Ingolembani manambala ake pamanja, ena amatero."

Achemwali anavala magalasi n'kuyamba kudina manambala. Mtchona, pa mpando wake, anaona dzina pa khadilo. Linali la mkazi.

"Bwana, khadili ndi lanu?"

"Ndi la mayi akunyumba, achimwene," anayankha mosatembenuka n'komwe, akumwetulira achemwali. "Kwathu ine ndimangosunga dzina la ubwana. Chuma chili ndi amayi."

"Ngati kuno!" anatero alamu pakhomo, ndipo onse anaseka kupatula mmodzi.

Atachoka, Mtchona anadikira mpaka galimoto itakhota.

"Achemwali, khadi likakana, lakana. Mukalemba manambala pamanja, mwini wake weniweni akadzadandaula ku banki, ndalamayo adzailanda kwa inu."

"Mwini wake weniweni ndi mkazi wake. Sunamve?"

"Ndamva zimene wanena."

"Iwe kunja kuja anakubera chiyani kuti munthu aliyense uzimuona mbala? Ngakhale wansembe atalowa muno ungamufunse chiphaso."

"Wansembe ndiye ndingayambire."

"Mwamumva mlamu wanuyu?" anatero achemwali akuponya mawu kukhomo. "Anapita wamanyazi, wabwera wapolisi."

A Dayilekitala anabweranso, n'kubweranso. Ulendo wina anabweretsera achemwali maluwa a pulasitiki oika pa kauntala. Ulendo wina anagula makina amodzi ang'onoang'ono ndi cheke, achemwali n'kuchilandira ndi manja awiri, n'kuchigoneka m'dirowa chopenya pansi. Chekecho chinadutsa bwinobwino ku banki. Sabata yonse imeneyo achemwali sanamupatse mpata.

"Mtchona, wamva? Chadutsa. Ndikukuuza kuti usadwale nazo."

"Zoyamba zimadutsa, achemwali. Ndi ntchito yake."

"Zikakanika n'zakuba, zikadutsa n'zakuba. Nanga munthu wabwino azilipira bwanji, ndi mazira?"

Mtchona anatseka buku lake. Anadzuka n'kukayenda msewu wake uja mpaka ku mlatho n'kubwerera. Mumtima ankadzifunsa ngati sanangobwera ndi matenda a kunja, okayikira aliyense. Mwina munthuyo analidi ndi sukulu. Mwina amayi ake ankabweradi ndi makina kwa bambo. Anayesa kukumbukira nkhope za amayi onse amene ankadikira pa benchi ali mwana, koma zonse zinasungunuka kukhala nkhope imodzi ya mpango kumutu.

Lachisanu masana a Dayilekitala anabwera akupuma mofulumira. Nyumba ya sukulu yatha, anatero, alendo othandiza sukuluyo akubwera kumayambiriro kwa sabata, ndipo sangawaonetse zipinda zopanda kanthu. Ankafuna makina onse a m'chipinda cha kuseri. Onse.

Achemwali anagwira kauntala ndi manja awiri.

"Onse, bwana?"

"Onse, mayi. Mukanakhala ndi ena ndikanatenganso. Lole ibwera mawa m'mawa."

Anatulutsa cheke m'thumba la m'kati mwa jekete, cholembedwa kale. Achemwali anachilandira monga mwa lamulo, ndipo chinagona m'dirowa osachiyang'ana.

"Kanthu kamodzi kokha," anawonjezera a Dayilekitala ali pakhomo, ngati angokumbukira. "Mnyamata wanga wa zachuma ndi mbuli. Waphatikizamo ndi ndalama ya lole. Mukaona kuti yapitirira musadabwe. Yapamwambayo mudzangomupatsa dalaivala mawa pamanja. Kulembanso china ndiye mpaka abwana anzanga asayine, sabata yonse ithera pamenepo."

"Palibe vuto, bwana. Zimachitika."

Galimoto isanakhote, Mtchona anali ataimirira.

"Nditachionako."

"Khala pansi."

"Kungochiona, achemwali. Sindichidya."

Anachitulutsa m'dirowa okha, kuti nawonso aone, ndipo milomo yawo inayenda mwakachetechete powerenga. Ndalama yapamwambayo sinali ya lole imodzi. Ikanatha kunyamula makinawo kupita nawo kutsidya kwa nyanja n'kubwera nawo. Mtchona anatambasula khosi pamwamba pa kauntala, mapazi ali kumbali yake ya malire. Chekecho chinali cha kampani ina, dzina losiyana ndi la sukulu. Pamene panalembedwa dzina la sitolo pepala linali lotuwirako, ngati nsalu imene yachapidwa malo amodzi.

"Taonani apa. Panali dzina lina apa."

"Ndi thukuta. Chinali m'jekete."

"Nanga kampaniyi ndi yandani?"

"Ndi ya othandiza sukuluwo. Iwe uli ndi makutu koma?"

Achemwali anavala nsapato zawo za ku banki, zija zimawapweteka, n'kutuluka chekecho chili m'chikwama. Pobwera ankayenda ngati mtsikana. Anamuika foni pamphuno.

"Werenga, poti ndiwe wowerenga. Uthenga wa ku banki. Ndalama yalowa kapena sinalowe?"

Uthengawo unali pomwepo, manambala ali ndondondo. Alamu anaimirira n'kuvina pang'ono ndi sipanala m'manja.

"Alamu, lero mwagonja. Vomerani, tikugulireni chakumwa," anatero kwa Mtchona.

Mtchona anadzuka pa mpando wake. Anatuluka. Banki inali itatsala pang'ono kutseka, ndipo mzere unafika pakhomo. Anaima kumbuyo kwa bambo wina wonyamula thumba la makobidi, akusintha mwendo, akuwerenga zikwangwani za pakhoma zolonjeza tsogolo lowala kwa aliyense wotenga ngongole. Atafika pa zenera anapeza mayi wotopa, wa magalasi pamphumi.

"Akaunti ndi yanu, bambo?"

"Ndi ya achemwali anga."

"Ndiye sindingakuuzeni kanthu."

"Sindikufunsa za akauntiyo. Ndikufunsa za dziko lapansi. Munthu akaika cheke lero, uthenga n'kubwera pa foni, ndalamayo ndi yake?"

Mayiyo anatsitsa magalasi n'kumuyang'ana koyamba.

"Uthengawo umangonena kuti cheke talandira. Ndalama imaoneka, koma imakhala isanakhwime. Banki ya mwini cheke iyenera kuvomera kaye, ndipo zimatenga masiku a ntchito angapo. Ikakana, manambalawo amafufutika."

"Nanga katundu atapita kale?"

"Katundu si wa banki, bambo. Wotsatira!"

Dzina la sukulu ndi msewu wake ankazikumbuka, poti a Dayilekitala ankazitchula kawirikawiri. Anakwera basi, n'kutsika polakwika, chifukwa msewuwo m'masiku ake unali tchire. Anafunsa wokonza njinga, anafunsa mayi wogulitsa malasha. Anapeza nyumba ya nambala ija. Pansi panali pometera tsitsi, pamwamba chipinda chokhoma, mazenera ake omatidwa ndi manyuzipepala achikasu. Wometa anatuluka lumo lili m'manja.

"Sukulu? Pamwambapo pankakhala wojambula zithunzi, anathawa lendi. Sukulu ya chiyani, madala?"

"Yosoka."

"Kuno timasoka nkhani basi."

Anafika kunyumba dzuwa likulowa, malaya atamatirira kumsana. Achemwali anali patebulo akusita diresi yawo yabwino, yoti avale mawa popereka makina. Alamu atangoona nkhope yake ananyamula wailesi n'kukakhala pakhonde.

Anawauza zonse, za ku banki ndi za wometa. Anayesetsa kulankhula pang'onopang'ono, ngati mmene ankalankhulira ndi alendo okwiya ku hotela. Anati sakunena kuti akane malondawo. Angomuuza munthuyo kuti makina achoka ndalama ikakhwima, ndipo yapamwambayo asapereke pamanja kwa wina aliyense. Ngati ndi woona adikira. Angathenso kuimbira kampani ya pa cheke ija Lolemba, pa nambala yoipeza okha, osati yopatsidwa ndi iye.

Achemwali anapitiriza kusita kolala.

"Anandiuza kuti akusamukira ku nyumba yatsopano. Wapita ku yakale."

"Ku yakaleko kunalibenso sukulu."

"Wakuuza wometa."

"Inde, wometa. Sanandibweretsere maluwa, ndiye ndamukhulupirira."

Anaimika simbi mwamphamvu mpaka tebulo linagwedezeka.

"Ukudziwa kuti makina aja akhala nthawi yaitali bwanji m'chipindamo? Ukudziwa kuti ndimalowa m'mawa uliwonse kukawapukuta ngati ana odwala? Sukudziwa. Unali kunyamula masutikesi a azungu."

"Sindinkanyamula masutikesi."

"Kaya unkanyamula chiyani. Bambo anadwala muno, m'chipinda ukugonamo iwecho. Ndinkawatembenuza ndine, ndinkawasambitsa ndine, m'mawa n'kukatsegula sitolo, madzulo n'kudzawanamiza kuti malonda ayenda. Ankafunsa za iwe. Ndinkati akubwera mwezi wamawa. Atelala anatha mmodzimmodzi, anzathu a m'msewu uno anatseka, ine sindinatseke ngakhale tsiku limodzi kupatula la maliro. Lero kwabwera munthu mmodzi, mmodzi yekha, woti agule ngati mmene ankagulira kale, iwe wathamanga tauni yonse kufunafuna chifukwa choti ndisasangalale."

"Achemwali, akuberani."

"Andibere! Akandibera abera ine. Sitolo ndi yandani?"

Mtchona anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa. Unaima pakhomo paja ndi kachikwama kako, unanena chiyani? Kapena kunja kuja anakuphunzitsanso kuiwala?"

"Ndinati ndi yanu."

"Unatinso chiyani?"

"Makiyi sindidzawakhudza."

"Basi. Kadye, chakudya chako chili m'mbale yovundikira."

Sanadye. Anakhala m'chipinda cha bambo pakati pa makatoni ake, akumva simbi ikupita n'kubwera. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti m'mawu a achemwali anamva kuti nawonso akuona. Thukuta silifufuta dzina malo amodzi, ndipo iwo anakhala pa kauntala moyo wawo wonse. Koma akanalola kumva zimenezi kwa wometa, kwa wa ku banki, ngakhale kwa wamisala wa pamsika, osati kwa iye. Anaganiza zongonyamuka, kubwerera kumene anachokera, kukafera pa desiki ija akumwetulira alendo. Kenaka anaganiza za chipinda cha kuseri chili mbee, ndi achemwali atakhala pakati pake mu diresi yositidwa bwino.

Loweruka anafika pa sitolo lole ili kale pakhomo, injini ikulira. Inalibe dzina lililonse m'mbali. Dalaivala, wachipewa chofika m'maso, sanatsike. Amuna awiri onyamula katundu anaima pafupi ndi chitseko cha chipinda cha kuseri, chimene chinali m'kanjira ka m'mbali mwa sitolo. Achemwali anali atachitsegula kale, loko akulendewera, ndipo anabwerera ku kauntala kukakonza envulopu ya dalaivala. Makiyi anawakoleka pa msomali wake mwachizolowezi. A Dayilekitala anali pa mpando wabwino uja, foni kukhutu, akuuza munthu wina kuti ayi, ayi, tikubwera pompano, atidikire pomwepo.

"Mwadzuka bwanji, achimwene?" anamupatsa moni atatseka foni ndi dzanja. "Lero tikuchotserani fumbi."

"Bwana, makinawa bwanji atachoka ndalama itakhwima? Ndi masiku ochepa chabe."

A Dayilekitala anaseka mokoma, n'kutembenukira kwa achemwali.

"Mayi, mundikhululukire, mwina ndasokoneza. Mwini sitolo ndi ndani kuno? Ndisamakambirane ndi munthu wolakwika."

"Ndine," anatero achemwali, nkhope itauma. "Uyu ndi mlendo. Anyamata, yambani."

Amuna aja analowa m'chipindamo. Mtchona anamva katoni yoyamba ikukhwekhwereza pansi. Mwendo wake, umene unagwedezeka kuyambira tsiku limene anatsika ndege, unaima. Anazungulira kauntala. Malowo anali opapatiza kuposa mmene ankawakumbukirira, ndipo anawakhudza achemwali paphewa podutsa. Anachotsa makiyi pa msomali.

"Iwe!"

Anatuluka n'kulowa m'kanjira. Amuna aja anali atafikitsa katoni pakhomo, wina kutsogolo wina kumbuyo.

"Tsitsani. Bwezani m'kati."

"Madala, ife tatumidwa."

"Ndikukutumani ine tsopano. Bwezani."

Mawu amenewo anali a pa desiki, amene ankatulutsa nawo zidakwa m'hotela popanda kukweza. Amunawo anayang'anizana, n'kukankhira katoniyo m'kati, n'kutuluka akupukuta manja m'mathalauza. Mtchona anakoka chitseko, anatseka loko wapamwamba, n'kukiya ndi wapansi yemwe, uja ankavuta kuyambira kale.

Pobwerera anapeza onse ali pakhomo. Alamu anali atagwira achemwali pamkono. Anthu a m'sitolo zoyandikana anayamba kusuzumira, wa makava a mafoni ali patsogolo.

"Chipongwe chotere sindinachionepo," anatero a Dayilekitala, akukonza tayi. "Mayi, ndimakulemekezani chifukwa cha bambo anu. Koma izi..."

"Bwana, palibe chipongwe," anatero Mtchona. "Cheke chanu chili ku banki, makina anu ali umu, palibe amene awakhudze. Tisiyireni chiphaso chanu tichijambule, komanso nambala ya kampani ija. Kapena, poti muli pa changu, polisi ili apa pakona. Tipite tonse, tikalembetse kuti mwatenga katundu cheke chisanakhwime, asayine wapolisi, ine ndikunyamulirani ndekha mpaka m'lole."

"Ine kupita ku polisi? Ngati mbala?"

"Ngati kasitomala, bwana. Amakhala ndi mipando."

Wina m'gulumo anaseka. A Dayilekitala anasisita matumba a jekete, lakumanja, lakumanzere.

"Chiphaso chili m'galimoto. Mudikire pomwepo. Ndipo ndikabwera, mayi, mundibwezere cheke changa, ndikagule kwa anthu odziwa ulemu."

Anayenda mosathamanga mpaka pakona pamene panali mtengo kale paja, foni ili kukhutu, n'kukhota. Lole inabwerera m'mbuyo pang'ono ngati ikufuna kuima bwino, kenaka inangopitirira, osaimanso. Amuna onyamula katundu aja anaithamangira akukuwa za malipiro awo, mpaka anatopa n'kuima pakati pa msewu.

Anadikira. Anthu aja anabwerera m'masitolo mwawo mmodzimmodzi. Alamu anapita mpaka pakona n'kubwera akukanda kumutu.

"Galimoto kulibe. Kaya inalipo n'komwe lero."

Achemwali anali chiimire pakhomo mu diresi yawo, envulopu ili m'manja, maso ali kumene lole inalowera.

"Wamuchititsa manyazi pagulu," anatero motsitsa. "Munthu wa ulemu wake sangabwerenso lero. Ndimuimbira Lolemba ndimupepese. Akalola, adzatenge."

"Mayi, inunso," anatero alamu. "Simunaone?"

"Ndaona mlendo akulowa kuseri kwa kauntala ya bambo anga. Ndicho ndaona."

Analowa m'sitolo, anaika envulopu m'dirowa, anakonza maluwa a pulasitiki aja amene anapendekeka. Kenaka anatembenuka n'kutambasula dzanja, chikhatho chili m'mwamba, osamuyang'ana kumaso.

"Bweretsa."

Mtchona anayang'ana dzanjalo, lokhakhala, la zipsera za singano. Anayang'ana msomali wopanda kanthu. Makiyi anali ofunda m'dzanja lake, olemera kuposa mmene ankaganizira.

"Alamu, apatseni," anatero alamu chapansipansi. "Zatha basi."

"Lolemba muimbadi foni, achemwali?"

"Zimenezo si zako. Bweretsa makiyi anga."

Mtchona anawaika m'thumba la thalauza. Anadutsa pafupi ndi dzanja lija, n'kukakhala pa mpando wa kuseri kwa kauntala.